Sunagoge wa mu Lusaka ndi Ana Ake

Mwana aliyense amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni, kaya ku Matero, kaya ku Chilenje, kaya kumudzi kwawo ku Chipata, analidziwa liwu lakuti sunagoge asanadziwe ndi kuchulukitsa komwe. Liwuli limapezeka kawirikawiri m'Mauthenga Abwino ndi m'buku la Machitidwe a Atumwi, ndipo aphunzitsi akhala akulilemba pa bolodi kwa zaka zambirimbiri. Koma ana ochuluka, ngakhalenso aphunzitsi ena, ankayesa kuti sunagoge ndi nyumba ya ku Nazarete ndi ku Kapernao, imene inatha kalekale pamodzi ndi Afarisi ndi Asaduki. Chikhalirecho mu Lusaka momwemo munali sunagoge weniweni, wokhala ndi mipukutu yake ya Chilamulo ndi ana ake ophunzira Chihebri. Anali pa msewu umene dziko litalandira ufulu unatchedwa Cha Cha Cha, kumadzulo kwa Cairo Road, mbali ya tauni imene imapenya ku Kanyama ndi ku Chibolya. Anthu a m'makomboni ankadutsa chapafupi m'mamawa ndi madzulo, popita ku ntchito ndi pobwerera, koma ndi owerengeka okha amene analowamo. Ndipo eni nyumbayo nawonso sankafikafika kumene anthu odutsawo ankagona.

Mbiri ya nyumba imeneyi ndi yaifupi, pakuti masiku ake a mphamvu sanapitirire zaka 30. Komabe iyenera kumveka kwa anthu amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa, chifukwa moyo wake ndi kufota kwake komwe zinagona pa nkhani ya sukulu.

Nyumba ya anthu khumi

Poyamba nkofunika kumvetsa kuti sunagoge si Kachisi. Kachisi anali mmodzi yekha, wa ku Yerusalemu, kumene ansembe ankapereka nsembe za nyama, ndipo Aroma anamugwetsa m'chaka cha 70. Sunagoge alibe guwa la nsembe, alibenso wansembe womulamulira. Liwulo ndi la Chigriki, ndipo tanthauzo lake ndi msonkhano. Pa mwambo wakale, amuna khumi a zaka 13 kapena kuposerapo akasonkhana, mapemphero a gulu angathe kuchitika, kaya ndi m'nyumba yomangidwa bwino, kaya ndi kuseri kwa sitolo. Gulu la khumili amalitcha minyan. Akakhala asanu ndi anayi, ngakhale onsewo akhale ophunzira kwambiri, mpukutu sungawerengedwe poyera, ndiponso pemphero lotchedwa Kaddish, limene ana amanena pokumbukira makolo awo amene anamwalira, silinganenedwe. Lamulo limeneli ndi lopepuka m'mzinda wa Ayuda zikwizikwi, koma pa kasiteshoni ka njanji pakati pa tchire ndi katundu wolemera. Wowerenga alisunge m'mutu, pakuti ndilo linadzavutitsa Ayuda a mu Lusaka pa chiyambi ndi pa mapeto pomwe.

Mtsogoleri wa sunagoge, rabi, ndi mphunzitsi ndiponso woweruza pa nkhani za Chilamulo. Mapemphero angathe kuyenda iye palibe, malinga pakhale anthu odziwa kuwerenga. Mpukutu wa mabuku asanu a Mose umalembedwa pamanja pa zikopa, ndi malemba 22 a Chihebri oyenda kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere, opanda zizindikiro za mavawelo. Amaugawa m'zigawo 54 kuti uwerengedwe wonse m'chaka chimodzi, Sabata ndi Sabata, ndipo amene amaitanidwa kutsogolo ndi amuna wamba: wogulitsa nsalu, wosoka nsapato, woyendetsa ngolo. Chipembedzo chotere sichingakhale pakati pa anthu osadziwa kuwerenga. Nchifukwa chake Kachisi atagwa, pamene akuluakulu anasonkhana pa mudzi wa Yavne motsogozedwa ndi Yohanan ben Zakkai, mphamvu zawo zonse anaziika pa kuphunzitsa.

Buku lawo lalikulu la miyambo ndi maweruzo, lotchedwa Talmud, limasimba mmene sukulu za ana zinayambira. Kale mwana ankaphunzitsidwa ndi atate wake, kotero kuti mwana wamasiye ankakula wosaphunzira. Pofuna kukonza zimenezi anaika aphunzitsi ku Yerusalemu, koma amene analibe atate womuperekeza kumeneko anatsalabe. Anaikanso aphunzitsi m'zigawo za dziko, ndipo anyamata ankayamba ali ndi zaka 16 kapena 17. Koma mnyamata wa msinkhu wotere mphunzitsi akamukalipira ankangonyamuka nkuchoka. Pomalizira pake mkulu wa ansembe Joshua ben Gamla, cha m'ma 64, Kachisi asanagwe, analamula kuti pakhale aphunzitsi m'chigawo chilichonse ndi m'mudzi uliwonse, ndi kuti ana aziyamba ali ndi zaka 6 kapena 7. Aphunzitsi a ku Babulo a m'mibadwo yotsatira anawonjezapo malamulo ena. Mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 25. Akafika 40 apatsidwe womuthandiza. Akakwana 50 pakhale aphunzitsi awiri. Anatinso mwana akalakwa amenyedwe ndi kachingwe ka nsapato kokha, ndipo wosagwira msanga asachotsedwe, koma akhalebe pakati pa anzake kuti azimvako. Mphunzitsi wa ku George kapena ku Chawama amene anaimapo patsogolo pa kalasi yodzaza mpaka pakhomo angathe kuwerenga malamulo amenewa ndi kansanje pang'ono.

Kuchokera ku Lithuania

Ayuda amene anafika kumpoto kwa Zambezi, ambiri a iwo sanachokere ku Palestina monga anthu ena ankaganizira. Anachokera ku Lithuania ndi ku Latvia, maiko ozizira a kumpoto chakum'mawa kwa Ulaya, amene pa nthawiyo anali pansi pa mfumu ya Russia. Kumeneko boma linkawalola kukhala m'zigawo zoikika zokha, ndipo ankakhala m'timatauni tosauka, akulankhula chinenero chawo cha Yiddish. M'chinenero chimenechi sunagoge amamutcha shul, ndiye kuti sukulu, ndipo dzinali limanena zoona, pakuti mabenchi opemphererapo ndi omwewo anali ophunzirirapo. Mnyamata ankayamba ali wamng'ono, wa zaka zinayi kapena zisanu, pa sukulu yotchedwa cheder, liwu limene litanthauza chipinda, chifukwa kawirikawiri inali chipinda chabe m'nyumba ya mphunzitsi. Panali mwambo wakale wopaka uchi pa malemba tsiku loyamba kuti mwana anyambite, adziwe kuti maphunziro ndi otsekemera. Koma ambiri amene anadzera m'zipindazo anasimba atakula za mdima, kuzizira, ndi mphunzitsi wosauka wa dzanja lofulumira. Anyamata anzeru ankapitirira ku masukulu aakulu otchedwa yeshiva, monga ya ku Volozhin imene inayamba mu 1803, ndi za ku Telz ndi ku Slobodka. Mzinda wa Vilna unatchuka ndi maphunziro kotero kuti ankautcha Yerusalemu wa ku Lithuania. Atsikana ankaphunzira zochepa, makamaka kunyumba.

Umphawi, usilikali wokakamiza, ndi zipolowe zimene zinagwera Ayuda m'ufumu wa Russia kuyambira 1881, zinasamutsa anthu miyandamiyanda. Ochuluka anapita ku America. Ena anatsata mbiri ya golide ku South Africa, ndipo ena mwa amenewa anakwera kumpoto mpaka ku Bulawayo. Mu 1901 anyamata awiri apachibale, Elie ndi Harry Susman, ochokera ku Rietavas, anaoloka Zambezi napita kwa Alozi kukagula ng'ombe kwa anthu a Mfumu Lewanika. Mliri wa ng'ombe wa 1896 ndi 1897 unali utapululutsa ziweto kum'mwera, koma ng'ombe za m'chigwa cha Alozi zinapulumuka, ndipo mtengo wake ku Bulawayo unali wabwino. Mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya utatha mu 1905, Ayuda anakhazikika ku Livingstone. Mpingo wawo unayamba mu 1910, ndipo mu 1928 Elie Susman anaika mwala wa maziko a sunagoge woyamba wa m'dziko lino.

Lusaka pa masiku amenewo anali kasiteshoni chabe, kamene omanga njanji anaika mu 1905 nakatcha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Mmodzi wa amalonda oyambirira kutsegula sitolo pamenepo, cha m'ma 1908, anali Myuda, Benjamin Glasser. Mu 1921 m'dziko lonse munali Ayuda 110: ku Livingstone 48, ku Lusaka 25, ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, 11, ndipo otsalawo anali omwazikana m'malo ena. Pa anthu 25, kuchotsapo akazi ndi ana, kupeza amuna khumi kunali kovuta ndithu. Ankasonkhana m'nyumba za anzawo pa masiku aakulu, Chaka Chatsopano ndi Tsiku la Chitetezero, ndipo pa miyambo yofuna munthu wodziwa ankadalira mtumiki wochokera kum'mwera. Sabata linali lovuta kulisunga, pakuti Loweruka ndilo linali tsiku la malonda, tsiku limene alimi ankabwera ku tauni ndi ngolo zawo.

Chiwerengero chawo chinakula m'zaka za m'ma 1930. Migodi ya mkuwa inatsegulidwa kumpoto, ndipo mu 1935 likulu la dziko linasamutsidwa kuchokera ku Livingstone kudza ku Lusaka. Nthawi yomweyo South Africa inatseka makomo ake, poyamba ndi lamulo la 1930 limene linachepetsa olowa ochokera kum'mawa kwa Ulaya, kenaka ndi lamulo la 1937. Amene anakanidwa ku Cape Town anayamba kuyang'ana ku Northern Rhodesia. Ku Germany Hitler anali atatenga ulamuliro mu 1933, ndipo pofika 1938 Ayuda a kumeneko anali kufuna malo alionse othawirako. Maiko 32 anakumana ku Evian mu Julayi chaka chimenecho kukambirana za iwo, koma anabalalika osatsegula makomo. Boma la Britain linaganizirapo zokhazika mabanja ambiri a othawa m'dziko lino, ndipo dera la Mwinilunga linatchulidwa. Koma Azungu okhazikika kuno anakana, ndipo maganizowo anafera m'mapepala. Amene analowa anali mazana awiri kapena atatu okha, aliyense payekha. Iwo anali anthu a m'mizinda ikuluikulu, olankhula Chijeremani, osiyana m'makhalidwe ndi amalonda a ng'ombe a ku Lithuania. Ndipo nkhondo itayamba mu 1939 boma linawawerenga ngati anthu a dziko la adani, ngakhale kuti dziko limenelo ndilo linawathamangitsa.

Tsono ndi pakati pa nkhondo pamenepa, mu 1941 ndi 1942, pamene Ayuda a mu Lusaka anamanga ndi kutsegula sunagoge wawo. Zaka zimenezi nzofunika kuziika pafupi ndi zimene zinali kuchitika kwawo. Asilikali a Germany analowa mu Lithuania mu Juni 1941, ndipo m'miyezi yotsatira magulu awo akupha, mothandizidwa ndi anthu ena a m'dzikomo, anayenda tauni ndi tauni akutulutsa Ayuda ndi kuwaombera m'maenje. Mkulu wa gulu lina, Karl Jäger, analemba chiwerengero cha tsiku lililonse monga kalaliki wa sitolo alembera katundu. Pa tauni ya Ukmergė yokha, pa 5 Sepitembala 1941, analemba anthu 4,709, ndipo mwa iwo 1,737 anali ana. Pa Ayuda 100 alionse a ku Lithuania, oposa 90 anaphedwa. Motero pamene omanga anali kukweza makoma pafupi ndi Cairo Road, timatauni timene tinkatumiza aphunzitsi, mabuku ndi akwatibwi tinali kufafanizidwa, pamodzi ndi zipinda zophunzirira ndi ana amene anali m'menemo. Sunagoge wa mu Lusaka anatsegulidwa chitsime chake chitaphwa kale. Kuyambira pamenepo Chiyuda cha kuno chinayenera kudalira ana obadwira kuno, ndi zimene akanaphunzira kuno.

Sitolo, komboni ndi sukulu

Mzinda umene anawo anakuliramo unali wogawidwa. Amene anakonza mapulani a likulu latsopano anaganiza za nyumba za Azungu, misewu yotakata ndi mitengo ya maluwa. Munthu wakuda anamuwerenga ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa, amene akakalamba adzabwerera kumudzi. Nyumba zimene boma ndi mabwana ankapereka zinali zochepa, ndipo anthu anayamba kumanga okha pa mafamu a Azungu ozungulira tauni, akulipira lendi kwa eni malo, kapena pa misasa ya makontilakita. Nchifukwa chake makomboni ena anatenga maina a anthu achilendo, monga Marrapodi, John Laing, John Howard ndi George. Ndipo Chawama poyamba ankatchedwa komboni ya Roberts. Matero anamangidwa ndi akuluakulu a tauni kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950. Kanyama anakula pa malo otsika a miyala ya laimu, pamene madzi amaima nyengo ya dzinja. Kalingalinga anamera yekha kum'mawa, ndipo Mtendere anadza pambuyo pa ufulu.

Pa makwerero amenewa Ayuda anaima pa malo ovuta kuwatchula. Akuluakulu a boma ndi Angerezi ena ankawayang'ana chapansi, ngati alendo olankhula Chingerezi chokhota amene amagulitsa mchere, makasu ndi nsalu kwa anthu akuda. Ambiri a m'badwo woyamba anaphunziradi zinenero za ogula awo, Chilozi, Chitonga kapena Chinyanja, ndipo anadziwa mitengo ya ng'ombe ndi miyambo ya mafumu kuposa mabwana ambiri a pa boma. Koma pamaso pa lamulo iwo anali Azungu. Ankakhala kumayadi, ankavota, ankagula malo. Ndipo ena anafika pokhala mameya a matauni, monga Maurice Rabb ku Livingstone ndi Maurice Gersh ku Kitwe. M'masitolo aakulu a m'tauni munthu wa ku Matero sankalowa pakhomo. Ankagulira pa kazenera ka kumbali, osasankha, osakhudza katundu. M'mabutchala zinali zoipa koposa, pakuti nyama ya anthu akuda inkaperekedwa itakulungidwa kale, ndipo mayi ankadziwira kunyumba ngati wagula mnofu kapena mafupa. Kuchiyambi kwa 1954 chipani cha African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda, chinauza anthu kuti aleke kugula m'mabutchala a mu Lusaka, ndipo amayi a m'makomboni anaima m'misewu kuti lamulolo lisungidwe. Popeza Ayuda anali ndi gawo lalikulu pa malonda a ng'ombe ndi nyama m'dziko lino, nkhondo ya kazenera inawakhudza monga inakhudzira Azungu anzawo. Nkowawa kunena, koma anthu amene abale awo anali atangophedwa chifukwa cha mtundu wawo, ambiri a iwo anakhala chete pa tsankho limene linali kuwadyetsa. Mantha analipo, pakuti mlendo wolandiridwa monyinyirika safulumira kudzudzula mwini nyumba. Koma phindu nalonso linalipo.

Nanga ana awo ankaphunzira bwanji? M'mawa ankapita ku masukulu a boma a ana a Azungu, kumene zonse zinali m'Chingerezi, ndipo mbiri imene ankaphunzira inali ya mafumu a ku England. Chihebri chinkadza pambuyo, masana sukulu itaweruka kapena Lamulungu m'mawa, maola owerengeka pa mlungu. Dzina lakale lija la cheder linatsala, koma chinthucho chinali chitachepa zedi. Agogo awo ku Lithuania ankakhala pa buku kuyambira m'mawa mpaka mdima. Iwo ankabwera atatopa, maganizo ali ku mpira ndi ku kanema. Cholinga chachikulu chinali kukonzekeretsa mnyamata tsiku lake la bar mitzvah, pamene akakwana zaka 13 amaitanidwa koyamba kutsogolo kukawerenga poyera, ndipo kuyambira tsikulo amawerengedwa pa amuna khumi aja. Mwambo ukatha, ndi phwando lake, anyamata ambiri ankatseka buku. Aphunzitsi a Sande sukulu ndi a kalasi ya ubatizo amaidziwa bwino nthenda imeneyi. M'mizinda imene munali Ayuda ambiri anapeza mankhwala ake pomanga masukulu awoawo a tsiku lonse, monga Herzlia ku Cape Town, King David ku Johannesburg ndi Carmel ku Bulawayo. A mu Lusaka anali ochepa kuti achite zotero.

Pa maphunziro apamwamba njira inkaloza kunja. Ena ankapita ku masekondale a Azungu a Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, amene pambuyo pake anasanduka Kabulonga ya anyamata ndi ya atsikana. Ena ankakwezedwa sitima kupita ku masukulu ogonera konko ku Bulawayo kapena ku South Africa. M'dziko lino munalibe yunivesite mpaka 1966, motero wofuna udokotala, zamalamulo kapena uinjiniya ankapita ku Cape Town, ku Johannesburg kapena ku London. Kumeneko ankapeza ntchito, ankapezanso mkazi kapena mwamuna wa mtundu wake, chinthu chimene chinali chosowa mu Lusaka, ndipo sankabwerera kudzaima kuseri kwa kauntala ya atate ake. Chitsanzo chodziwika ndi Stanley Fischer, amene anabadwira ku Mazabuka mu 1943, kumene makolo ake anali ndi sitolo. Banja lake linasamukira ku Southern Rhodesia iye ali ndi zaka 13; anaphunzira ku London ndi ku America, nadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel kuyambira 2005 mpaka 2013, ndipo anamwalira mu 2025.

M'zaka zomwezo mwana wa ku Kanyama anali kulimbirana malo pa benchi ya sukulu ya pulaimale. Sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, Munali, inayamba mu 1939, ndipo kwa zaka zambiri inali pafupifupi yokha m'dziko lonse. Pa tsiku la ufulu, 24 Okutobala 1964, anthu akuda a digiri m'dziko muno anali pafupifupi 100 okha. Apa pali chinthu chodabwitsa. Lamulo la tsankho limene linatsekera mwana wa m'komboni khomo la sukulu, ndi lomwelo linatsegulira mwana wa Myuda khomo lotulukira m'dziko. Makolo anachita monga mwambo wawo unawaphunzitsira, kuika mwana pa buku ngakhale iwo avutike. Koma buku limene linalipo linali la Angerezi, ndipo msewu wake unkapita kutsidya kwa nyanja.

Ana awiri a Ayuda a ku Lithuania anaonetsa poyera mmene mtundu umodzi ungagawikire pa nkhani ya dziko. Woyamba ndi Roy Welensky, amene anabadwira ku Salisbury mu 1907 kwa atate Myuda wochokera kufupi ndi Vilna ndi mayi wa Chibunu. Anasiya sukulu ali ndi zaka 14, nayendetsa sitima ku Broken Hill, nakwera m'bungwe la antchito a Chizungu a pa njanji kufikira anakhala nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 mpaka 1963. Wachiwiri ndi Simon Zukas, amene anabadwira ku Ukmergė komwe kuja mu 1925, nafika kuno mu 1938 pa msinkhu wa bar mitzvah, kutangotsala zaka zitatu kuti tauni yakwawo iphedwe. Ataphunzira uinjiniya ku Cape Town anabwerera ku Ndola, nagwirizana ndi anyamata akuda amene ankakana Chitaganya. Boma linamumanga mu 1952, namusunga m'ndende ya ku Livingstone, kenaka namuthamangitsira ku England. Zukas anali mmodzi, ndipo nkosayenera kubisa kukhala chete kwa ambiri kuseri kwa dzina lake. Koma anthu a m'makomboni sanamuiwale. Anabwerera dziko litalandira ufulu, namanga moyo wake mu Lusaka. Mu 1991 anasankhidwa kukhala phungu wa ku Sikongo, nakhala nduna m'boma la Frederick Chiluba, ndipo mu 1996 anatula pansi udindo pokana kusintha kwa malamulo kumene kunaletsa Kaunda kupikisana nawo pa chisankho.

Kufota

Pakati pa zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dziko lino anafika 1,000 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo masunagoge analipo ku Livingstone, ku Lusaka ndi m'matauni a ku migodi monga Ndola, Kitwe ndi Mufulira. Chimenecho chinali chimake. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, ena anachoka pamodzi ndi Azungu anzawo amene sanafune ulamuliro wa anthu akuda. Ian Smith atalanda ufulu ku Rhodesia mu 1965, njira ya kum'mwera, kumene kunali abale, masukulu ndi arabi, inayamba kuvuta. Mu Epulo 1968, pa Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani ena aakulu, ndi kuti malonda a masitolo m'madera ambiri adzakhala a nzika zokha. Ndipo mu Ogasiti 1969, pa msonkhano wa ku Matero, analengeza zotenganso magawo otere m'migodi ya mkuwa. Malamulowa sanaloze Ayuda, ndipo Kaunda sanawadane. Amwenye a masitolo anawamva kuposa wina aliyense. Koma sitolo ya m'mudzi ndi ya m'mphepete mwa njanji, imene inali msana wa mabanja ambiri, inatha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pafupifupi theka anali atapita, ndipo nkhalamba zinatsata ana awo ku South Africa, ku Britain, ku Israel ndi ku America.

Ena anatsala natenga unzika. Wodziwika koposa anali Abe Galaun, wobadwira ku Lithuania mu 1914, amene anakulitsa ulimi wa ng'ombe ndi malonda a nyama ndi mkaka mu Lusaka, nakhala mzati wa mpingo kufikira imfa yake mu 2003. Mu 1978 otsalawo anapanga bungwe lotchedwa Council for Zambia Jewry kuti liyang'anire masunagoge amene analibenso anthu ndi manda amene analibenso abale pafupi. Lamulo la amuna khumi linabweranso ndi kulemera kwake konse, monga m'masiku a kasiteshoni kaja. Ndipo kunalibenso anyamata a zaka 13 odzalowa m'malo mwa omwalira. Sunagoge wa ku Livingstone anasanduka tchalitchi cha Church of Christ, nyenyezi ya Davide ili pamwamba pa khomo. Pofika zaka za m'ma 2000 Ayuda okhazikika m'dziko lonse anali makumi owerengeka, ndipo pa maliro ndi pa miyambo ina ankathandizidwa ndi rabi woyendayenda wochokera ku Johannesburg, Moshe Silberhaft.

Pomalizira bungwe lija linagulitsa masunagoge ndi nyumba zina za mpingo. Gawo la ndalamazo linaperekedwa ku sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola, imene inayamba mu 2011, ndipo gawo lina linapita ku yunivesite ya Tel Aviv pa ntchito ya zaumoyo yolumikizana ndi Zambia. Zithunzi ndi zinthu zina zakale zinasonkhanitsidwa m'nyumba yaing'ono yosungiramo mbiri ya Ayuda, imene inatsegulidwa mu 2013 m'bwalo la Railway Museum ku Livingstone. Simon Zukas anamwalira pa 27 Sepitembala 2021 ali ndi zaka 96, ndipo boma linamuika m'manda mwaulemu ku Leopards Hill. Oyambirira aja, amalonda a ng'ombe ndi othawa ku Germany, ena agona ku manda a Aylmer May ku Rhodes Park, m'chigawo cha Ayuda, pansi pa miyala yolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chihebri. Pa mwambo wawo, wobwera kudzaona manda sasiyapo maluwa. Amatola kamwala pansi nakaika pamwamba pa mwala wa manda.